Chitseko Chakumanzere

Galimoto yanga inakalamba ndisanaigule.
Kuchokera ku Ulongwe kutsikira ku Moatize
imalongolola yokha njira yonse:
zitseko kuti ngwengwengwe,
miyala ikuwomba ng'oma kunsi kwa mapazi,
denga likunjenjemera ngati lili ndi malungo.
Ndikafika, makutu amalirabe
mpaka thumba lomaliza la mbatata litatsika.

Tsiku lina ndinati basi, ndatopa.

A Kusitodiyo, owongola malata kuseri kwa msika,
anagogoda chitseko ndi chala chokhota.
"Wamva? Chikulira ngati chigubu.
Chitsulo chopanda chochigwira sichidziwa kukhala chete."
Anandionetsa mapepala onyezimira ochokera kunja,
mtengo wake matumba asanu ndi anayi a kachewere.
Ndinaseka. Nawonso anaseka.

Ndiye tinayamba kusanthula za amphawi.
Phula lomatira denga ndi lotchipa, inde,
koma dzuwa la ku Tete lilibe chisoni:
pofika Okutobala lidzasungunuka,
lidzanunkha, lidzayenderera mpaka m'nsapato.
N'lolemeranso. Kilo iliyonse ya phula
ndi kilo ya mbatata yotsala kumunda,
ndi mafuta ongopsa pa chikweza.
Siponji ya matiresi imapepuka ngati nthenga
koma imamwa mvula n'kuisunga,
dzimbiri n'kumadya chitseko m'kati, mwakachetechete.
Chiguduli ndinachikana ndekha. Makoswe.

Tinagwirizana pa zitatu.
Chubu chakale cha lole ya malasha, chodula tizigamba,
kumata pokhapo pamene chitsulo chikulira,
osati ponseponse.
Mphasa yofewa yabuluu yosalowa madzi
imene Dona Otensiya anandisiyira pa mametikali mazana atatu
titanenerera mpaka tonse kutuluka thukuta.
Ndi kapeti wa pakaunjika woponda mapazi.
Zonsezo ndinazinyamula ndi dzanja limodzi.

Loweruka tinanyamuka kusanache,
ine ndi Fulujensiyo, mwana wanga wachiwiri,
wachibwibwi, amene mawu ake kunyumba
timawadikira ngati mvula yoyamba.
M'galimoto munangoti zii.
Ndinamva kupuma kwanga. Ndinamva giya ikulowa.
Ndinamva kachitsulo kena m'injini
kamene mwina kakhala kakudandaula chaka chonse.

Koma mwanayo sindinamumve.

Kale phokoso likakwera ndi pamene iye ankayamba:
za mpira, za aphunzitsi a masamu, za mbuzi yosowa,
mawu akutsetsereka osapunthwa,
ine n'kumangogwedeza mutu, nditatola theka.
Lero manja ali pakati pa maondo,
maso pawindo, akuwerenga milambe.
Pa mphambano ya Musakama anatsegula pakamwa.
"A... a... a..."
Mawu anaima poyera, opanda pobisala,
anachita manyazi, anabwerera.

Ndinaimika pambali pa msewu,
malole akutimwaza fumbi pagalasi.
Ndinatenga sikuludiraiva,
ndinamasula chitseko cha mbali yake,
ndinamatula zigamba zinayi
zimene dzulo lomweli ndinamata ndi manja anga,
guluu akadanunkhabe,
n'kuziponya kumbuyo, pamwamba pa matumba.
Iye ankangondiyang'ana.

Tinanyamukanso.
Ngwengwengwe, chitseko chimodzi chokha.
Mbali yanga kuli bata, mbali yake kuli msika.
Sindinamufunse kanthu. Ndinagwira chiwongolero,
maso pa maenje a mumsewu.

Tisanafike pa Kambulatsitsi,
pansi pa kulira kwa chitsulo chija,
ndinamva:
"Ababa, mbuzi ija inapezeka.
Inali kwa a Benedito, yabereka awiri."

Ulendo uno sindinatole theka.
Ndinafunsa mtundu wa ana a mbuziwo,
ndipo anandiuza, mpaka ku Moatize.